Soketi ya m'khichini isabisike m'kabati

Nyumba zambiri zatsopano ku Kalongwezi, ku Moth ndi m'mbali mwa mseu wa ku Lundazi zimangidwa ndi khichini ya makabati okhomera ku cipupa. Eni nyumba safuna kuti mawaya azioneka, motero auza mmisiri kuti abise soketi m'kati mwa kabati, kumbuyo kwa mapoto kapena pansi pa sinki. Khichini ioneka bwino ndithu. Koma soketi imene maso saiona ndipo dzanja siliifika msanga ndi msampha wochera banja lomwelo.

Soketi ya pulagi ya mano atatu inapangidwa kuti izinyamula ma amp 13. Pa malaiti a m'Zambia a ma volt 230, ameneyo ndi ma watt pafupifupi 3,000. Ketulo yokha idya ma watt 2,000 kapena kuposa, ndipo kasitovu ka mapuleti awiri kadya cimodzimodzi. Zonse ziwiri zikalowa pa adaputa imodzi, malire apyoledwa kale. Pulagi iyamba kutentha, pulasitiki isungunuka, kenaka moto.

Soketi ikakhala poyera, mai wophika aona kuti yayamba kuda, amva kafungo ka copsyerera, ndipo azimitsa. M'kabati palibe aona kanthu. M'menemo muli matabwa ouma, botolo la mafuta ophikira, mapepala ndi thumba la ufa. Muli mphemvu zokonda malo ofunda, ndi makoswe amene aseteka mawaya kufikira mkuwa uli pamtunda. Pansi pa sinki ndiye poipitsitsa, cifukwa paipi ikayamba kudontha madzi atsikira pa soketi pomwepo, ndipo mwana wotumidwa kukatenga sopo apisa dzanja lonyowa mumdima.

Caka ca 2024 cinaonetsa bvuto lina. Kamba ka cilala madzi anacepa ku Kariba, ndipo malaiti anali kupita maola oposa 12 pa tsiku. Malaiti akapita nsima iri pa moto, munthu asamukira pa mbaula naiwala kuti sitovu yatsala yoyatsa. Akabwera pakati pa usiku, banja lonse liri mtulo. Swichi ya pa cipupa ikumbutsa munthu pamene atuluka m'khichini; ya m'kabati siikumbutsa munthu ali yense.

Ena anena kuti lamulo sililetsa. Zoona, ngakhale ku Britain kumene kunacokera pulagi ya mano atatu, malamulo a mawaya saletseratu soketi m'kabati, koma afuna kuti ikhale pofikika kuti iziyesedwa ndi kukonzedwa, ndipo akatswiri a kumeneko alangiza kuti italikire sinki ndi masentimita 30. Muno m'Zambia miyezo ilembedwa ndi Zambia Bureau of Standards, ndipo bungwe la Energy Regulation Board, limene linabadwa ndi lamulo la 1995, liyang'anira nchito za malaiti. Cosowa si lamulo ai. Bvuto liri pakuti makabati abwera m'mbuyo, nyumba italumikizidwa kale. Kalipentala ndiye aboola thabwa nakokera waya m'kati, ndipo palibe abwera kudzayesa. A ZESCO nchito yao ithera pa mita. Za m'kati mwa nyumba ndi mlandu wa mwini nyumba, ngakhale okhalamo ali a lendi.

Ngati firiji kapena uvuni ifunadi soketi yobisika, swichi yake ikhale kunja, pamwamba pa thebulo lophikirapo, pamene munthu angaifike osagwada. Sitovu yaikuru ikhale ndi waya wake-wake wonenepa wocokera ku bokosi la ma breaker, osati kubwereka pa soketi ya ketulo. Waya wa earth ulumikizidwe, usapindiridwe m'mbali monga acitira amisiri a cangu. M'bokosimo mukhalenso ka earth leakage ka ma milliamp 30, kamene kadula malaiti munthu akangogwidwa. Kali ndi batani loyesera; lizitobwanyidwa nthawi ndi nthawi.

Zonsezi zifuna mmisiri wophunzira. Chipata Trades iphunzitsa nchitoyi, ndipo mwini nyumba sacita mwano akapempha kuona setifiketi ya TEVETA. Mnyamata wocipa wa pa msika wa Kapata angayatse babu, koma kuyatsa babu si kuyesa mawaya.

Ngozi ikacitika, munthu wogwidwa ndi malaiti asakhudzidwe ndi manja. Woyamba kufika azimitse pa meni swichi, ndipo ana onse osinkhuka adziwe pamene iri. Zikakanika, amkankhe ndi mtengo wouma ataima pouma. Moto wa malaiti usathiridwe madzi swichi isanazimitsidwe. Bala la moto lithiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20; mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira asapakidwepo. Ndipo wogwidwayo apite naye ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital ngakhale akunena kuti ali bwino, pakuti malaiti angathe kusokoneza kugunda kwa mtima ndi kutentha mnofu wa m'kati, pa khungu pali kabala kakang'ono cabe.