Nthawi ya karate sitinaitaye, anatibera

Wachinyamata aliyense wosewera karate, judo kapena nkhonya akangopeza ntchito amamva uphungu womwewo: "Phunzira kugawa nthawi." Uphunguwu ndi chipongwe. Ungagawe bwanji chinthu chimene bwana watenga chonse?

Taonani kwa Kaduya ku Phalombe. Ntchito zimene mnyamata kapena mtsikana wa MSCE amapeza ndi zogulitsa m'shopu, ulonda, kapena kukhala pa sikelo nyengo ya nandolo. Amalowa kusanache, kuweruka kutada, Lamlungu lomwe. Akasiya kubwera ku masewera, anzake amati wachita ulesi. Ulesi uti, munthu waima chilili tsiku lonse?

Chopweteka kwambiri chili pa ulonda. Olemba ntchito amakonda mnyamata wodziwa kudziteteza, koma akamulemba amamumana nthawi yonolera luso lomwe anamutengeralo. Ndiye kugula mpeni wakuthwa n'kubisa nolo kumeneko.

Chikhalirecho lamulo lilipo. Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, owonjezera alipiridwe ngati ovataimu, ndipo wantchito apume akagwira masiku 6 otsatizana. Lamuloli litatsatidwa, ola limodzi madzulo katatu pa sabata silingasowe. Masewerawa safuna zambiri: bwalo la sukulu, mphunzitsi, ndi thupi loti silinatheretu.

Timanyadira kuti Harriet Bonface anaimira Malawi pa judo ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, komanso kuti Isaac Chilemba anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Koma luso lotere limamangidwa ndi kubwereza kwa zaka, ndipo Chilemba dzina lake analipangira ku South Africa. Ndi angati a ku Phalombe amene luso lawo likufera kuseri kwa kauntala?

Ena anena kuti ntchito ndi yosowa, ukadandaula akuchotsa mawa lomwe. N'zoona, n'chifukwa chake nkhondoyi si yomenya wekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Magulu a masewera alankhulire osewera awo, ndipo ofesi ya leba ku boma iziyendera mashopu m'malo modikira madandaulo.

Nanunso anzanga omaliza ku koleji, mawa mudzakhala mabwana. Wantchito akadzapempha kuweruka 5 koloko kuti apite ku masewera, musadzamuone ngati wopemphetsa. Nthawiyo ndi yake kale.