Laisensi ya kampani yakunja isamapitirizidwe mumdima

Anzanga a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mayi wogulitsa tomato pamsika akapanda kulipira msonkho wa khonsolo, tsiku lomwelo amuchotsa. Minibasi yopanda fitness ya RTSA siyenda mwaufulu pa Great East Road. Manje bwanji kampani yakunja yogula thonje, fodya kapena golide kwathu kuno imangolandira laisensi yatsopano ife osamva olo kamodzi kuti idayesedwa bwanji?

Malamulo alipo. Companies Act ya 2017 imati kampani iliyonse izipereka lipoti la pachaka ku PACRA, komanso iulule eni ake enieni amene amadya phindu. ZRA imayang'ana msonkho, ZEMA imayang'ana za chilengedwe, Cotton Board of Zambia ndiyo imapereka chilolezo kwa opuntha thonje. Vuto ndi lakuti zonsezi zimathera m'maofesi, mlimi wa kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo osaona ngakhale tsamba limodzi.

Onani fakitale yopuntha thonje ya pa Katete. Inali ya Dunavant ya ku America, ikadzakhala ya NWK ya ku South Africa, kenako ya Louis Dreyfus. Kugulitsa kampani si mlandu ayi. Koma eni akamasintha chonchi, mlimi amene adasaina ngongole ya mbewu ndi mankhwala ayenera kudziwa amene akuchita naye malonda, osati kudzadziwira pa chikwangwani chatsopano.

Audit ya pachaka imafunsa ngati manambala a m'mabuku a kampani akugwirizana. Koma siifunsa ngati sikelo ya pa depoti inali yoona, ngati mlimi adalipidwa pa nthawi yake, kapena ngati maenje a golide ku Vubwi adakwiriridwa. Amene angayankhe mafunso amenewa ndi inuyo.

Tsono tikuti, laisensi isanapitirizidwe, pachitike zinthu zitatu. Choyamba, chidule cha audit, msonkho wolipidwa ndi mayina a eni ake ziikidwe pa bolodi la khonsolo m'Chinyanja. Chachiwiri, khonsolo iitane msonkhano wa alimi, antchito ndi mafumu kuti madandaulo alembedwe. Chachitatu, kampani imene ili ndi ngongole kwa alimi kapena antchito iyambe yalipira, ndiye ipatsidwe pepala.

Ena adzati tikuthamangitsa ma investor. Iyayi. Thonje likasowa wogula, amene avutike ndi makolo athu omwe, ndipo achinyamata tikufuna nchito. Koma kampani yochita zinthu mwachilungamo siiopa kuonetsa mabuku. Kumbukirani February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mu mtsinje wa Kafue. Kufufuza madzi ataonongeka kale sikudzutsa nsomba zakufa.

Access to Information Act inasainidwa mu December 2023, ndiye kufunsa ndi ufulu wanu. Pitani kwa khansala wa wadi yanu, mumufunse makampani akunja amene akugwira nchito m'dera lanu, tsiku limene laisensi yawo ithera, ndi amene adawayendera komaliza. Funsani mwa kalata, kope lina musunge. Akakuyankhani kapena akakhala chete, bwerani mutiuze pano, anzathu a m'maboma ena adziwenso poyambira.