Ganyu wa zaka khumi si ganyu



Pali dzina limene timabisalamo tikafuna kudya thukuta la mnzathu mtima uli m'malo. Dzinalo ndi "waganyu". Ganyu weniweni timamudziwa tonse: kupalira ndime, kuumba njerwa, ntchito ikatha munthu nkulandira zake nkumapita. Koma mlonda amene wagona pageti pomwepo zaka khumi, mayi amene amathyola tiyi ku Thyolo dzinja ndi dzinja, mnyamata wonyamula matumba amene amalembedwa miyezi itatu, nkuchotsedwa, nkulembedwanso, amenewa si aganyu. Ndi antchito amene amanidwa dzina lawo kuti amanidwenso tchuthi, penshoni ndi chithandizo akavulala.

Mbiri yathu ikutichenjeza. Thangata, amene makolo athu ankagwira m'maesiteti a atsamunda, anali chimodzi mwa zimene zidautsa John Chilembwe mu 1915. Utenanti wa m'minda ya fodya udathetsedwa ndi lamulo mu 2021. Goli likathyoka, mtima woumira umasema lina, nkulipatsa dzina lofewa.

Malamulo sali chete. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, wolandira malipiro oyenera, ndiponso wolowa bungwe la antchito. Lamulo la za ntchito la mu 2000 lidaika maola 48 pa sabata, opitirira apo nkulipiridwa padera. Lamulo lomwelo limaona ntchito yokhazikika ngati yokhazikika ndithu, ngakhale bwana ataiduladula m'makontalakiti aafupi. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma lamulo lokhala papepala silidyetsa mwana. Amene alibe kalata ya ntchito amaopa kufunsa, podziwa kuti pageti pali ena ambiri amene akudikira malo ake.

Ena amati, "Tikakweza malipiro bizinesi igwa, ndiponso ndikumuthandiza pomulemba." Nzoona, zinthu zathina kwa aliyense. Komatu feteleza, simenti ndi mafuta zikakwera timalipira, ngakhale monyinyirika. Chifukwa ninji pochepetsa ndalama timayambira pa munthu yekhayo amene sangatiyankhe? Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 24, chidalamula kuti wolembedwa waumphawi alandire zake tsiku lomwelo, popeza moyo wake wadalira pamenepo. Yakobo, m'mutu 5, akutiuza kuti malipiro obisidwa ali ndi mawu, ndipo amamveka kumwamba.

Tsono antchitowa akasonkhana kuti apemphe zoyenera, tisawatche oukira. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tiwalozere ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lawo, ku mabungwe a pansi pa MCTU, ndi ku khoti la za ntchito. Amene mudaphunzira, athandizeni kulemba madandaulo awo.

Koma tisanaloze chala kuesiteti, tisese pakhomo pathu. Sesoni ifunse pamsonkhano wotsatira: mlonda wa tchalitchi amalandira zingati, ndipo amalandira liti? Ali ndi jekete ya mu Juni? Akadwala, amagona ndani pageti? Inu amene muli ndi mtsikana wantchito kunyumba, amapuma tsiku liti? Amapeza mpata wopita kumapemphero, kapena amatsala akuphika kuti inu mukaimbe bwino? Inunso abale amene muli ku Joni ndi ku Ulaya, amene mukumangitsa nyumba kumudzi, otunga madzi pachimangopo adalandira zawo?

Chakhumi chotengedwa m'thumba la mlonda sichinunkhira bwino pamaso pa Mulungu. Mwezi uno usanathe, mlembereni wantchito wanu kalata, mugwirizane malipiro ndi tsiku lolandira, ndipo tsikulo likafika musamuuze kuti abwere mawa.

Ambuye atipatse mitima yomva. Amen.