Anthu a ku Mbenji Afunika Bwalo la Masewera

Chaka ndi chaka chilumba cha Mbenji m'boma la Salima chimatsekedwa mu Disembala ndipo asodzi amabwererako mu Epulo. Lamuloli linaikidwa ndi mafumu a dera la Makanjira m'zaka za m'ma 1950, ndipo lasunga utaka kufikira lero pamene madoko ena akulira kuti nsomba zatha. Komatu pali funso limene akuluakulu a khonsolo ayenera kuyankha: kodi anyamata otsika pachilumbapo amathera kuti madzulo awo miyezi yonseyi? Ena amagwira khasu, nzoona. Enanso amapezeka pamowa ndi pajuga, zinthu zimene pachilumba pomwepo nzoletsedwa.

Dera ili lifunika bwalo lakelake la masewera. Palibe amene akupempha chinyumba chonga Bingu National Stadium imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2017. Chofunika ndi malo osalazidwa bwino, mapolo, mpanda, chimbudzi ndi mjigo.

Ku America kuli matimu ang'onoang'ono 120 a baseball, mpira womenya ndi chibonga, ambiri a iwo m'mizinda yaing'ono. Mabwalo awo sagona masewera akatha: amachitirapo zoimba ndi miyambo ya sukulu, ndipo mu 2021 ena anasanduka malo obayira katemera wa Covid-19. Bwalo la kunyanja kuno litha kugwira ntchito yoposa pamenepa. Loweruka mpira wa miyendo ndi ntchemberembaye, pakati pa sabata sikelo ya ana ndi misonkhano ya alangizi a zansomba, tsiku lachikondwerero magule. Khamu limene limasonkhana pa Chikombe potsegulira chilumba ndi umboni wakuti anthu ofuna malo otere alipo.

Nzochititsa manyazi kuti ngakhale timu ya Mafco, ya ku Salima konkuno, kwa zaka zambiri inkalandirira alendo ake ku Chitowe, ku Dwangwa, m'boma la eni.

Ogwira ntchito m'boma asadikire ndalama zochokera kunja. M'zaka za m'ma 1970 achinyamata ankalambula misewu ndi kuumba njerwa za sukulu pa Sabata ya Achinyamata, ndipo kusalaza bwalo sikuposa pamenepo. Choyamba mafumu apereke malo, ndipo khonsolo ilembe malire ake m'mabuku kuti wina asadzawadule mapuloti mtsogolo muno. Komiti yoyang'anira bwalolo isankhidwe ndi eni mudzi, amayi akhalemo, ndipo mapolo akhale atazikidwa asodzi asanatsike mu Disembala.