Mzere wa ku Queens umayambira ku Ndirande

Achinyamata anzathu, lero tikambe za benchi ya ku casualty.

Amene anaperekezapo m'bale wake usiku akuidziwa. Mwafika cha m'ma 8, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, wodwala watsamira paphewa panu. Uku wagona wa ngozi ya kabaza magazi ali chuchuchu, uko agogo akubanika. Ikamakwana 1 koloko musanaitanidwe, mtima umawira, ndipo woyamba kumulalatira amakhala namwino amene ali pafupi. Apo nde timaphonya. Mzere uja sanaupange ndi iye.

Taonani Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda mokhamu, koma Blantyre alibe chipatala chake chachikulu cha boma ngati maboma anzake. Chiradzulu ali nacho. Thyolo ali nacho. Mwanza, kuchepa konse kuja, ali nacho. Za chipatala cha ku Kameza ena a ife tinayamba kuzimva tili ku pulayimale, pano tamera ndevu. Ndiye Queens, yomwe ntchito yake ndi kulandira matenda amene akanika m'maboma a chigawo cha kummwera, ikusenzanso malungo, kutsekula m'mimba ndi bala la mpeni la munthu wa ku Chirimba.

Mwina muti, nanga si kuli ma health centre? Alipodi: Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Limbe. Koma munthu akauzidwa kawiri katatu kuti mankhwala atha, akagule ku famase, ulendo wotsatira sataya nthawi. Amakwera minibasi yolunjika ku Ginnery Corner. Mungamunene? Iye akuthawa kubwerera chimanjamanja, koma akafika amakhala pa benchi imodzi ndi munthu amene wangotsala madzi amodzi.

Kutsogolo nakonso n'kotseka. Dokotala wamuona wodwala, wati agonekedwe, koma ku wodi kulibe bedi. Amakhala pompo pa machira, ndipo wobwera pambuyo pake alibe pomuonera. Anthu akulowa, otuluka palibe.

Asatinamize kuti izi sizingasinthe chifukwa ndife osauka. Ku Queens komweko, kumbali ya ana, madokotala ndi anamwino anasintha kalandiridwe ka odwala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mwana akangofika amayamba waonedwa msanga: uyu akufa, alowe pompano, uyu asachedwe, uyu angathe kudikira. Imfa za ana zinatsika. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO linaitenga n'kumaiphunzitsa m'mayiko ena. Nzeru zilipo kwathu konkuno. Chikusowa ndi anthu ogwira ntchito, mabedi ndi mankhwala, pomwe anamwino amene anamaliza sukulu ali pakhomo kudikira kulembedwa ntchito. Ena ali m'gulu lomwe lino, akugulitsa kaunjika.

Apa tidziuzenso tokha chilungamo. Mukaona munthu wobwera pambuyo panu akulowa msanga, si nthawi zonse pamene pali chinyengo. Mwina akupuma movutika kuposa wanuyo. Chinyengo ndi chija timachita tokhafe, kuimbira kazeni wogwira ntchito mkatimo kuti atilowetse ndi chimfine, wina akukomoka pa benchi. Tikamadzudzula mabwana odumpha mzere, tisiyenso zathuzi. Ndipo inu a kabaza ndi okwera nomwe, chipewa chija valani. Mutu umodzi wosweka umatenga dokotala, namwino ndi bedi kwa maola ambiri.

Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Amene amakonza bajeti yathu akadwala amakwera ndege ya ku South Africa kapena ku India, benchi ija saidziwa. Nde tiwadziwitse.

Phungu wa dera lanu kaya khansala akabwera, kaya pamsonkhano kaya akutsika galimoto pamsika, mufunseni poyera: chipatala cha boma la Blantyre ayamba liti kumanga, ndipo ndalama zake zili pa tsamba liti la bajeti? Health centre ya kwathu izikhala liti ndi mankhwala komanso wotithandiza usiku? A ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, mafunso anu mukuwadziwa. Akamayankha jambulani, mutitumizire. Akathawa funso, jambulaninso.

Tumizani uthengawu m'magulu onse amene muli.