Malikisi a ku London sagoletsa chigoli pa Golomoti

Abale anzanga, kuno kunsi kwa Khwekhwelere kwabuka matenda atsopano. Si malungo, si kolera ayi. Ndi matenda a kandimverere, ndipo akugwira kwambiri anyamata amene angogula kumene foni ya tachi. Munthu akangowerenga pa intaneti kuti gemu yakutiyakuti azungu aipatsa malikisi 2 pa 10, basi, mawa lake watulukira pa kanyumba ka magemu manja ali m'thumba nkumaseka anzake. Ati mukusewera mbola. Mukamufunsa ngati iye anaigwirapo ndi manja ake, amangoti aliyense akudziwa. Aliyense wake uti, achimwene? Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ine lero ndabwera poyera. Pali magemu angapo amene dziko lonse linawalavula koma ine ndimawakonda kwabasi, ndipo sindipepesa kwa munthu. Chifukwa changa nchimodzi: amene amapereka malikisiwo amayeza gemu ndi muyeso wa kwao, ndipo muyeso umenewo sugwira ntchito pa Golomoti, pa Mua kapena pa Mtakataka.

Tiyambe ndi imene inanyozedwa koposa. Pa 30 September 2021 kampani ya ku Japan ya Konami inaika pambali dzina lija tonse tinakula nalo la PES nkutulutsa eFootball 2022, yaulere. Kunali chipongwe chosaneneka. Nkhope za Messi ndi Ronaldo zinatuluka ngati anthu oti alumidwa ndi njuchi, osewera ena akuthamanga manja ali kumbuyo, anthu oonerera m'bwalo ngati zidole zoumba ana. Matimu oseweretsa analipo 9 okha. Pa Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, mwa anthu 10 alionse amene analembapo ndemanga, oiyamikira sankakwana ndi mmodzi yemwe. A Metacritic, amene amaphatikiza malikisi a olemba nkhani osiyanasiyana, anaipatsa 25 pa 100 nkuitcha gemu yoipitsitsa ya chaka chimenecho. Eni akewo anachita kupepesa.

Zonsezi nzoona, sindikutsutsa. Koma ine ndinaisewera miyezi yoyambirira yomweyo pa laputopu ya mnzanga wina wa pa Mtakataka, tiri anthu asanu ndi mmodzi kulandirana mapadi awiri, ndipo sindikumbuka tsiku lina limene tinaseka chotero. Goloboyi akangouyang'ana mpira ukulowa, wogoletsayo amavina, wogoletsedwayo nkumalumbira kuti makina amukondera mnzake, ena tonse misozi mbwee ndi phwete. Chigoli chinali chigoli ndithu. Wogonja amadzuka pa benchi monga mwa lamulo. Kodi chimene timafuna pa gemu ya mpira nchiyani kuposa pamenepa?

Tsono tamverani kusiyana kwake. Mkulu amene amalemba ndemanga ku London kapena ku San Francisco amakhala yekha m'chipinda, kanema wamkulu ngati chitseko, magetsi osaphethira, intaneti yosawerengera. Gemu yatsopano kwaoko imagulidwa madola 60 kapena 70, ndipo ntchito ya mkuluyu nkuuza anthu ngati ndalama imeneyo ikuyenera kutuluka m'thumba. Pa sabata amalawa magemu ambirimbiri, ndiye lilime lake linazolowera nyama. Akapeza kuti udzu wa m'bwalo sukugwedezeka bwino ndi mphepo, amachotsa malikisi. Sakunama, akugwira ntchito yake.

Nanga ife? Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba 11 zokha pa 100 zirizonse ndi zimene zimaunikira magetsi. Pa Golomoti pomwepa pali munda wa masola wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma mukayenda pang'ono kulowa m'midzi mupeza anthu akutchajitsabe foni pa golosale. Gemu kuno sitigula, timabwereka mphindi khumi pa mtengo wa mandasi angapo. Timasewera pa kanema wakale wa chimsana, batire ya galimoto iri pansi pa tebulo, anthu khumi ataima kumbuyo kwako aliyense ndi kochi. Chimene timagula si udzu wogwedezeka. Timagula mpata womuchinya mnzako pamaso pa anthu, kuti sabata yonse akamakudutsa pa kabaza azikupatsa ulemu. Ameneyo ndi katundu wina, ndipo wa ku London uja sanamuyeze nkomwe.

Chitsanzo china nachi. Mu October 2020 mtolankhani Simon Cardy wa IGN anapatsa FIFA 21 ya pa Nintendo Switch malikisi 2 pa 10. Anakwiya chifukwa kampani ya EA inangotenga gemu ya chaka chatha, kusintha mayunifolomu ndi maina a osewera, nkuigulitsanso ngati yatsopano. Pofuna kuwakhaulitsa, nayenso anangokopera ndemanga yake ya chaka chatha nkuiikanso. Anachita bwino zedi, pakuti munthu wolipira kawiri chinthu chimodzi waberedwa masanasana.

Koma taonani zimene zimachitika m'tinyumba tathu. Makina amene akugwirabe ntchito m'malo ambiri ndi PlayStation 2, imene inatuluka mu 2000 ndipo Sony inasiya kuipanga kumayambiriro kwa 2013. FIFA ndi PES zomaliza za makina amenewa zinatuluka mu 2013 momwemo. Kuchokera pamenepo ndi akatswiri a m'makwalala amene amalowetsamo maina atsopano ndi mayunifolomu atsopano pa gemu yakale yomweyo. Ndiye kuti chinthu chimene ku IGN anachipatsa 2 pa 10, kuno ndi chimene timachifunafuna! Tikapeza chimbale choti Haaland ali ku Manchester City pa makina a zaka zoposa 20, timamuyamika mwini malo kuti ndi dolo. Mabatani tinawaloweza kale, sitifuna wina atisokoneze chaka ndi chaka. Mlandu womwewo, makhoti awiri, zigamulo ziwiri, ndipo onse aweruza molondola poti olipira ndi osiyana.

Pali inanso imene ndimaikonda mwapadera, Mortal Kombat Mythologies: Sub-Zero ya mu 1997. Imeneyi pamodzi ndi mng'ono wake Special Forces ya mu 2000 imapezeka kawirikawiri pa mndandanda wa magemu oipitsitsa a banja la Mortal Kombat. Cholakwa chake chachikulu nchakuti munthu wako satembenuka yekha, umachita kudina batani kuti ayang'ane kumbuyo, ndiye mdani amakuswa msana iwe uli kalikiliki kusaka batanilo. Azungu anati nzopusa. Ife amene tinakula ndi ka Brick Game kolembedwa 9999 in 1, koma mkati muli timagemu towerengeka tomangobwerezabwereza, tinaphunzira kale kuti chinthu chovuta umachiweta ngati ng'ombe ya pa ngolo. Ukadutsa chigawo chimene anzako onse chawakanika, dzina lako limamveka mpaka ku sitolo ya kuseri. Ndipo tizithunzi take ta anthu enieni ovala zinsalu, ta pa PlayStation, timangofanana ndi mafilimu a karate amene timalipira kukaonera ku vidiyo sho. Mwati tidane nazo chifukwa chiyani?

Komanso musaiwale kuti chigamulo cha akatswiri chimasintha. Mu 1982 kampani ya Atari inatulutsa gemu ya E.T. imene Howard Scott Warshaw anaipanga m'masabata asanu okha pothamangira Khirisimasi. Anthu anaikana, makaseti anabwezedwa, ndipo mu 1983 kampaniyo inakakwirira katundu wosagulidwa kudzala la mumzinda wa Alamogordo ku New Mexico. Mu April 2014 anthu anakafukula dzala lija makamera ali tcheru. Makaseti ofukulidwawo anagulitsidwa pa okushoni ndalama zoposa madola 100,000, ndipo imodzi inakasungidwa ku nyumba ya mbiri yakale ya Smithsonian ku Washington. Zinyalala za dzana, lero chuma cha boma.

Ife a kuno sitifunika kupita ku America kuti timve phunziro limeneli. Ansembe a White Fathers atafika pa Mua mu 1902, panali kulimbana kwa zaka zambiri pakati pa mishoni ndi gule wamkulu, alendowo akuti nzachikunja zosayenera kuonedwa. Pa Mua pomwepo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni, ndipo lero m'nyumba ya Chamare muli nkhope za gule mazanamazana zimene alendo amalipira kuti aone. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Akuluakulu a kudambwe musandilipitse nkhuku, sindikufanizira mwambo ndi zoseweretsa ayi. Ndikungoti anthu a dera lino akanadikira malikisi a mlendo kuti adziwe chokoma, bwenzi pano tiribe kanthu.

Tsono apa mundimvetse bwino, mungati mlembi uja wati tizitseka makutu. Pali nthawi imene olemba ndemangawa akakuwa tiyenera kuima nkumvera, ndiyo pamene akunena za ndalama. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Gemu ya nkhope zopindika singakupweteke. Yoopsa ndi ija yokongola, yolembedwa kuti yaulere, koma yosatseguka popanda intaneti ndipo mkati mwake muli sitolo. eFootball yomwe ija itakonzedwa mu April 2022 nkufika pa mafoni mu June chaka chomwecho, nkhope zinakongola ndithu, koma kuti upeze osewera apamwamba mwachangu umagula makoini, nkutsegula phukusi losadziwika mkati. Mwina mutuluka katswiri, mwina mutuluka wa pa benchi. FIFA nayo, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, iri ndi maphukusi ake otero. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti maphukusi ogula ndi ndalama oterewa ndi juga, ndipo mu January 2019 EA inasiya kugulitsa makoini ake kumeneko.

Kuno amene angatiteteze ndani? Mitengo ya makoini imatsatira dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zonse zoterezi zinakwera nayo. Ndawaona ndi maso angawa anyamata amene apalasa kabaza tsiku lonse dzuwa la kuno likuswa mtengo, kapena apinda msana m'minda ya mpunga ku Bwanje, madzulo ndalama yonse nkuthera bandulo ndi makoini pofuna wosewera wa pa foni. Ndipo ndi omwewa amene amaseka anzao a PlayStation 2 kuti ndi otsalira! Wotsalirayo walipira ya mandasi, waseka, wapita kwao ndi chenji. Wotsogolayo wagona ndi njala ali ndi Mbappé m'thumba. Inu owerenga weruzani nokha kuti wasewera mbola ndani.

Ndiye muyeso wanga ndi uwu, ndipo ndikuupereka ulere. Choyamba, kodi gemuyo imatheka anthu awiri pa benchi imodzi? Chachiwiri, kodi imayaka popanda bandulo? Chachitatu, kodi magetsi akathima pakati pa masewero mumangoyambiranso osataya kanthu? Chachinayi, kodi ukalipira kamodzi yakhuta, kapena imangotambasula dzanja ngati wapolisi wa m'nthano? Ikakhoza zinayi zonsezi, kwa ine yapambana mayeso ngakhale ku London ataipatsa ziro.

Kwa inu eni tinyumba ta magemu, musataye makina anu akale chifukwa cha manyazi kapena mawu a mnyamata wa foni ya tachi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musakatenge ngongole ya katapila kugula makina ofuna intaneti tsiku ndi tsiku pamene makasitomala anu akukhutira ndi zimene ziripo. Koma chonde, mwana wa yunifolomu nthawi ya sukulu m'bwezeni pakhomo pomwepo. Dera lino linatchuka dziko lonse chifukwa malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana nkuwabwezera m'kalasi. Zingakhale zamanyazi kuti ana omwewo tiwatulutsenso ndi padi.

Kwa inu makolo, musamangoyang'ana kanyumba kaphokoso ka pa msika. Kumeneko mwana amaonekera, ndipo ndalama yake imawerengeka. Yang'anani foni imene iri chete m'chipinda, ndipo mufunse kumene mayunitsi akupita.

Ndipo kwa inu achimwene a kandimverere, benchi iripo, padi yachiwiri iripo. Khalani pansi, sankhani timu, tione ngati malikisi a pa intaneti angakutchingireni golo. Mukagonja mudzuke mwaulemu, pali ena pa mzere.

Tionane sabata ya mawa, Chauta akalola.