Loko wa thireyi ya chimbale alipo, koma anatibisira

Makompyuta ambiri omwe akugwirabe ntchito m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'timashopu tobena nyimbo ndi akale ndithu, ndipo akadali ndi thireyi yoikapo CD kapena DVD. Thireyi imeneyi ndi kapulasitiki kopyapyala. Mwana akangotulukira kuti batani la kutsogolo kwake limaitulutsa, wapeza choseweretsa. Pa laputopu ndiye sizichedwa n'komwe: ukangokhudza m'mbali poinyamula, yatuluka. Ikathyoka, makina owerengera chimbale atha ntchito, ndipo kupeza ena sikophweka, poti opanga anayamba kalekale kuwasiya. MacBook Air ya Apple inatuluka mu 2008 yopanda makina amenewa.

Batani lija silikoka kanthu, limangopempha. Ukalidina, makinawo amayamba aona ngati aloledwa kutsegula, ndipo kompyuta ili ndi mphamvu yowaletsa. Lamulo lake, pa mndandanda wa malamulo a SCSI, limatchedwa PREVENT ALLOW MEDIUM REMOVAL. Ndi lomweli lomwe pulogalamu yobenera imatumiza ntchito ikayamba, chifukwa chimbale cha CD-R cha 700 MB chikatuluka kubena kuli mkati, ndiye kuti chapita kudzala.

Pa Linux mphamvu imeneyi ili m'manja mwa mwini kompyuta. Mukalemba eject -i on, batani limagontha. Mukalemba eject -i off, limamvanso. Pali pofunika kusamala pawiri. Kompyuta ikazimitsidwa loko amachoka, choncho wofuna kuti thireyi izikhala yokiya nthawi zonse ayenera kuika lamuloli pakati pa zomwe zimayamba zokha poyatsa. Komanso pa Linux ina, gawo lotchedwa udev limamva batani likadinidwa n'kutulutsa thireyi lokha ngakhale mwakiya, mpaka mutasintha mzere womwe umachititsa zimenezi m'fayilo ya 60-cdrom_id.rules.

Pa Windows ndi pomwe mtima wanga umawawa. Njira yokiyira ilipo, olemba mapulogalamu amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma munthu wamba atsegule Settings, afufuze mpaka maso kufiira, sapeza pokiyira. Mphunzitsi yemwe akuyang'anira chipinda cha makompyuta chodzaza ana ndiye atani? Amakatenga kapulogalamu pa intaneti, kolembedwa ndi munthu wosamudziwa, ndipo njira imeneyi ndi yomwenso mavairasi amalowera. Ena amangomata selotepi pabatani, ena amatsegula bokosi n'kuzula chingwe, makina abwinobwino n'kukhala chidole. Microsoft ikanatha kuika kabokosi kamodzi kochonga pomwe pali mawu otulutsira chimbale. Si ntchito yaikulu kwa kampani yotere, koma amene akuvutika ndi nkhaniyi ndi anthu ogwiritsa ntchito makina akale, ndipo amenewa sakumbukiridwa kawirikawiri.

Loko ameneyu si woletsa mbala. Kutsogolo kwa makina ambiri okhala ndi thireyi kuli kabowo kakang'ono. Mukalowetsamo kawaya kowongoka n'kukankha, thireyi imatseguka ngakhale magetsi atathima. Kabowoka n'kofunika, makamaka kwa ife omwe magetsi amatithimira chimbale chili mkati. Wofuna kuteteza zomwe zili pachimbale achichotse akasunge mu kabati. Koma wolimbana ndi zala za ana ndi bondo logunda batani pansi pa desiki, mzere umodzi wa pa Linux uja ukumukwanira, ndipo wa Windows naye anayenera kupatsidwa wake.